Kompoziti ya bulk-fill: ndi yabwino, bola nyale yanu ikhale yamphamvu

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ntchito yanga ndi yomata mano, ndipo kompoziti iyi (chomatira mano choyera cha utomoni, chimene chimauma ndi kuwala kwa nyale yapadera) ndaigwiritsa ntchito nthawi yokwanira moti ena mwa odwala amene ndinawamata abweranso, ndaona mmene mano awo alili. Ndikulembera anzanga a ntchitoyi amene akopeka ndi mawu a pa katoni, oti ndi bulk-fill, kutanthauza kuti bowo lakuya mamilimita 4 mukhoza kulidzaza kamodzi n'kuumitsa.

Zimathekadi. Kompoziti wamba timaika pang'onopang'ono, mamilimita 2 n'kuwalitsa, enanso 2 n'kuwalitsa, chifukwa kuwala sikulowa patali. Iyi anaipanga yoonekera mkati kuti kuwala kuzifika pansi. Pa mano a m'mbuyo otafunira ntchito imatha msanga, ndipo ubwino wake umaoneka kwambiri kwa mwana amene sangayasamule nthawi yaitali. Yanga ndi yolimba ija, osati yamadzimadzi imene imafuna kuivundikira ndi kompoziti wamba pamwamba. Imayalika bwino ndipo simatirira pa chida.

Vuto lili pa kuuma. Pamwamba pamanamiza. Mukawalitsa n'kugogoda ndi chida mumamva kuti gwa, koma pansi pa bowo simungapaone. Ndinaiyesa kunja kwa kamwa potengera njira ya mu ISO 4049, muyezo wa padziko lonse wa zomatira zoterezi: kuidzaza m'kabowo kakuya, kuwalitsa mbali imodzi, kenako kupala kunsi. Ndi nyale yabwino ya LED inauma mpaka pamene analonjeza. Ndi nyale ina yakale, imene kunsonga kwake kunali kutamatirira tizotsalira ta kompoziti, pamwamba panalimba chimodzimodzi koma kunsi kunkapalika ngati phula. Kompoziti yake inali imodzi yomweyo.

Chifukwa chake n'chodziwika. Mankhwala oyambitsa kuuma mu makompoziti ambiri ndi camphorquinone, ndipo amadzuka ndi kuwala kwa buluu kwa pafupifupi 470 nm (muyeso wa mtundu wa kuwala). Kuwalako kukachepa, mbali ina ya utomoni imatsala yosagwirana. Ngakhale mutaumitsa bwino chotani, sugwirana wonse, ndiye mukachepetsanso kuwala mwayamba kale ndi chinthu chofooka. Malangizo a yanga amafuna nyale ya mphamvu yosachepera 1,000 mW/cm², koma mphamvu imeneyo ndi ya pansonga ya nyale. Pa bowo la pakati pa mano awiri, misonga ya dzino imatchinga nyale kuti isayandikire, ndipo pansi pa bowolo pamakhala patali ndi mamilimita angapo. Dzanja likapendekeka pang'ono, kwinaku kumakhala mthunzi. Ine ndimawalitsa masekondi 20 pamwamba, ndikachotsa matrix band (kalamba kozinga dzino pomata) ndimawalitsanso mbali ya ku tsaya ndi ya ku lilime. Mitundu yoderako ndimaiwonjezera nthawi. Komabe osakhalitsa nyale pamalo amodzi mopitirira, chifukwa kutentha kumafika ku mtsempha wa dzino.

Nanga kulimba kwake pakapita nthawi? Kwa ambiri amene abweranso, m'mphepete muli bwino, simunathimbirire, ndipo odandaula kuti dzino likuwawa akamwa madzi ozizira ndi ochepa. Kompoziti iliyonse imakhwinyata ikamauma, zambiri ndi 2 mpaka 3 peresenti, ndipo kukhwinyatako n'kumene kumakoka makoma a dzino n'kusiya kampata kolowera tizilombo. Iyi sikoka kwambiri, koma kunena kuti sikhwinyata n'komwe kungakhale kunama. Kwa anthu okukuta mano usiku ndaona pamwamba patayamba kuphwatalala ndi kutha kuwala. Ndipo ngati dzino latsala chigoba, nsonga yake itathyoka, musaikakamize ntchito ya crown, chivindikiro chophimba dzino lonse.

Malovu ndiye kompozitiyi sifuna kuwaona. Amalgam, chomatira chachitsulo chokhala ndi mercury, inkapirira chinyontho pang'ono, koma pangano la Minamata la 2013 lochepetsa mercury likutisunthira ku zomatira zoyerazi, choncho rubber dam (mphira wotchinga malovu kuti asafike pa dzino) tiyenera kungoizolowera. Dontho limodzi likagwera pamene mwatsuka kale asidi wa 37 peresenti wokonzera dzino musanamate, yambiraninso. Uku sikulakwa kwa kompoziti iyi yokha, zonse zili choncho.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha maonekedwe. Kuonekera mkati kumene kumaithandiza kuuma kumaipangitsanso kuoneka yotuwa, makamaka pa dzino limene linadetsedwa ndi amalgam yakale: mdima wa pansi umatulukira. Pa mano a kutsogolo sindingaiike, ndipo mitundu yake ndi yochepa. Imayambanso kulimba msanga pansi pa nyale ya pa mpando, moti pokonza maonekedwe a dzino ndimayamba ndaikankhira kumbali nyaleyo.

Ndigulanso ikatha. Koma amene alibe radiometer yoyezera nyale yake, ndingamulangize kuti ayambe wagula imeneyo, ndipo pakadali pano apitirize kuika mamilimita awiriawiri.