Kusema mapoti ndi CNC: pa methanol n'zokhutiritsa, pa dizilo funsani kaye

Mashopu okonza mahedi a injini za mpikisano amagulitsa ntchitoyi pamodzi: kusema mapoti (njira zodutsa mpweya m'hedi) ndi makina a CNC oyendetsedwa ndi kompyuta, kudula masiti a mavalavu (pomwe valavu imakhala ikatseka), kenako pepala la flow bench (benchi yoyezera kadutsidwe ka mpweya) losonyeza ma cfm, kuchuluka kwa mpweya wodutsa m'poti pa mphindi imodzi. Kasemedwe kake sitikukadandaula. Mapoti onse amatuluka ofanana, zomwe n'zovuta kuzikwanitsa ndi manja. Pamene pakutivuta ndi pa pepalalo, chifukwa ogula ambiri amangoyang'ana nambala yaikulu n'kulipira.

Benchi imayeza pa mphamvu yokoka mpweya ya mainchesi 28 a madzi, pafupifupi 1 psi basi. Ena amayeza pa 25, choncho muchulukitse nambala zawo ndi 1.058 musanafanizire mapepala awiri. Chinanso, boost, mphamvu yomwe tebo (turbo) imakankhira mpweya mu injini, imapanikiza mpweyawo kuti ulemere, koma liwiro lake m'poti limadalira kwambiri kukula kwa silinda ndi rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi). Injini ya dizilo yothera pa 5,000 rpm sifuna poti yaikulu ngati ya methanol yofika 8,500 rpm, ngakhale tebo yake itakhala yamphamvu kuposa.

Pa methanol ntchitoyi imabweza ndalama zake. Petulo amapsa bwino pa 14.7:1 (kulemera kwa mpweya poyerekeza ndi kwa mafuta), methanol pa 6.4:1, ndipo pa boost ambiri amatsikira cha pa 5:1 kuti mapisitoni asasungunuke. Mafuta onsewo amadutsa m'poti limodzi ndi mpweya, n'kulanda malo. Ndiye poti ikule, makamaka pakhosi ndi pokhotera kulowa pa valavu. Khoma la poti yolowetsa lisapukutidwe ngati galasi. Kukhakhala kwa sandipepala ya 60 kapena 80 grit kumathandiza kuti mafuta asamayenderere m'khoma ngati madontho. Ku ekizozi nakonso kumachuluka katundu: kilogalamu imodzi ya mafuta pa makilogalamu asanu a mpweya ndi 20 peresenti yowonjezera yomwe iyenera kutuluka. Shopu yodziwa imaiganizira mbali imeneyi, yosadziwa imangosesa pang'ono.

Dizilo ndi nkhani ina. Poti imanyamula mpweya wokhawokha, mafuta amaponyedwa m'silinda mwachindunji, ndipo nthawi yoti zisakanikirane ndi yochepa kwambiri. Apa mpamene swirl, kuzungulira kwa mpweya m'silinda, imagwira ntchito. Wosema akawongola poti yonse pofuna cfm, kuzungulirako kumatha. Zotsatira zake ndi utsi wakuda wochuluka, kutentha kwa ekizozi kokwera, ndi tebo yochedwa kudzuka, pamene pepala likuoneka lokongola. N'zoona kuti injini ya rpm yokwera ndi ma injector opopera mwamphamvu imafuna swirl yocheperapo kusiyana ndi ya kufakitale, koma kuchepetsako kuyezedwe ndi swirl meter, osati mongoganiza. Pepala la hedi ya dizilo lopanda nambala za swirl ndi losakwanira, libwezeni.

Onaninso lift, mlingo wa kutseguka kwa valavu, yomwe ayezerapo. Hedi ya dizilo ndi yafulati, mavalavu aima chilili, pisitoni imafika pafupi kwambiri, motero kamu singatsegule valavu patali. Nambala ya pa 0.700 inchi ilibe phindu ngati kamu yanu imathera pa 0.500. Zofunika ndi za pa 0.200 mpaka 0.400, ndipo zimenezo zimadalira kwambiri kadulidwe ka masiti. Pa injini za dizilo za Cummins 5.9 ndi 6.7, chipinda cholowera mpweya chinaumbidwa pamodzi ndi hedi. Popanda kuchidula ndi makina n'kumangapo manifodi ya pambali, chosemera sichifika bwino m'mapoti, ndiye funsani ngati mtengo akutchulawo ukuphatikiza zimenezo.

Masipulingi otseka mavalavu nthawi zambiri sakhala m'gulu la ntchitoyi, ndipo ndi kulakwitsa. Boost imakankha valavu yolowetsa cha kumsana. Valavu ya mainchesi 2 pa 40 psi imalandidwa pafupifupi mapaundi 120 a mphamvu yotsekera. Pa dizilo ya matebo awiri kapena atatu, mphamvu ya utsi wopanikizika imachita chimodzimodzi ku valavu yotulutsa, yomwenso iyenera kukhala ya Inconel, chitsulo chopirira kutentha, chifukwa cha moto.

Chigamulo chathu: kwa a methanol, pulogalamu ya CNC yokonzeratu ndi yabwino ngati inalembedwera rpm yofanana ndi yanu. Kwa a dizilo, lipirani pokhapokha shopu yafunsa za kamu, ma nozzle a ma injector, mbale ya pamwamba pa pisitoni ndi rpm isanayatse makina. Hedi isatuluke musanaione itayezedwa ndi pressure test yoona ngati ikuchucha, ndiponso kukhuthala kwa makoma kutapimidwa ndi sonic tester, chifukwa khoma lopyapyala limang'ambikira m'njira ya madzi boost ikakwera. Ngati anamata epoxy (guluu wolimba) m'poti, funsani ngati mtundu wake umapirira methanol, chifukwa ina imamatuka n'kulowa m'silinda.