Tochi ya pamutu ya K12,000: wogulitsa anandinamiza, koma anapiye anga alipo chifukwa cha iyo

Tochi iyi ndinagula mu November, yakuda ija yadzadza m'mashopu a zamafoni m'tauni muno, ya lamba wotamuka, yotchaja ndi chingwe cha USB. Ine ndimakazinga mandasi kwathu ku Chinsapo. Ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha, khitchini yanga ndi ya panja, ndipo ngakhale m'nyumba momwemo nthawi imeneyo magetsi amakhala atathima masiku ambiri. Zaka ziwiri ndakhala ndikuunikira ndi foni, pena kuiluma pakamwa, pena kuitsamiritsa pa njerwa, mpaka tsiku lina inaterereka n'kugwera m'beseni lomwe ndimakandira fulawa. Ndi pamene ndinati basi, ndikagule tochi yovala.

Ndiyambe ndi wogulitsa, chifukwa mpaka lero mtima umandiwawa. Mnyamatayo anandilozera pabokosi pamene palembedwa kuti ma lumen 1000, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala kwake, n'kundiuza kuti, "Mayi, iyi ndi imene amagula alonda, imayaka maola 12 osazima." Anaiyatsa masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye ine ndikanaona chiyani? Ndinalipira, lisiti sanandipatse. Kufika kunyumba ndikuti nditchaje, kagetsi kofiira kosonyeza kuti moto ukulowa sikakuyaka. Tinayesa pa chaja cha foni, tinayesa pa batire ya sola ya aneba, zii. Mawa lake ndinakwera minibasi kubwerera komweko. Anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. "Katundu akatuluka sabwerera, mayi." Ndinamuuza kuti achimwene, dzulo lomweli ndinaima pano, si tochi ndikubweza ayi, ndi chingwe chanu chakufachi. Anachiyesa yekha, anaona kuti n'chakufadi, koma anandigulitsabe china K2,500 nkhope ili gwa. Onjezerani thiransipoti ya ulendo wachiwiriwo. Kwa munthu wogulitsa mandasi, imeneyo ndi phindu la tsiku lathunthu.

Za ma lumen 1000 zija ndi bodza. Mwana wanga wa Fomu 3 anandiuza kuti babu lakale lija la mawati 60 limatulutsa ma lumen pafupifupi 800, ndiye tinayesa kuiwalitsa kudenga la chipinda usiku. Siyifika n'komwe pa kuwala kwa babu lotero. Maola 12 nawonso ndi bodza ngati mwaika powala kwambiri: yanga imalimba maola awiri ndi theka, kenako imayamba kufooka pang'onopang'ono. Mukaika powala pang'ono ndiye imapirira, ndimakazingira m'mawa anayi ndisanaitchajenso. Milungu yoyambirira ndinkaivala ndili wokhumudwa, ndipo ndikanalemba ndemangayi mu December ndikanakuuzani kuti musataye ndalama zanu.

Zinasintha usiku wina mu January. Mvula inali itagwa madzulo onse n'kukata cha m'ma 10 koloko. Magetsi kulibe, mwezi kulibe, bambo a m'nyumba ali ku ntchito ya usiku. Ndili m'tulo ndinamva thadzi langa likukupiza mapiko m'khola, anapiye akulira mosalekeza, kulira kosakhala kwa njala. Ndinali ndi anapiye 14 a mlungu umodzi. Ndinaganiza za njoka kapena mphaka wa eni. Tochi ndimaikoleka pamsomali wa kuseri kwa chitseko, ndiye ndinangoitenga mumdima momwemo, kuivala pamwamba pa duku, n'kutuluka.

Ndisanafike pakhola ndinaona mzere wakuda pansi, waukulu ngati lamba, ukuyenda. Linthumbu. Amene munakumanapo nalo mukudziwa. Linachokera kudzala, kudutsa pafupi ndi bafa, n'kukwera mwendo wa khola. M'mbali mwa mzerewo munali zazikulu mitu zija zitayasamula mano. Ndikanakhala ndi foni m'manja ndikanaponda pomwepo, chifukwa foni timalozetsa kutsogolo, osati pansi pa mapazi. Tochi iyi mutu wake umapindika, ndipo ndinali nditauweramitsa chifukwa cha kukazinga, ndiye kuwala kunagwa pomwe phazi limafuna kuponda. Ndinalumpha.

M'kholamo zinali zomvetsa chisoni. Kamwanapiye kamodzi kanali katakutidwa thupi lonse, sikankaonekanso nthenga. Ndinathamangira lichero ndi beseni. Apa ndi pamene ndinaona phindu la manja awiri. Dzanja lamanzere kunyamula mwanapiye, lamanja kuzula linthumbu m'khwapa mwa timapiko, m'mphepete mwa maso, pakati pa tizala, ndipo kulikonse kumene ndatembenuzira mutu kuwala kuli komweko. Linthumbu likaluma silisiya, ukalikoka thupi limaduka mutu n'kutsalira pakhungu, ndiye pamafunika kuona bwinobwino n'kutsina ndi chikhadabo. Pa kamwanapiye kochepa ngati dzira, mumdima, ndi dzanja limodzi, sizingatheke. Nalonso linali likundikwera m'miyendo mpaka m'chiuno, ndikupondaponda uku ndikuzula, misozi ikutuluka.

Aneba anamva phokoso n'kubwera ndi tochi ya pafoni. Ndimawathokoza kwambiri, koma anangotha kuima chapatali n'kumaunikira, chifukwa dzanja limodzi linali logwira foni, linalo lokwinya chitenje. Anandifunsa kuti, "Anzanga, chimenecho mwachitenga kuti?" Ndinawapempha kuti akandiphulire phulusa la pambaula yawo, poti anali ataphika mochedwa ndipo linali lidakali lotentha. Tinathira phulusalo kuzungulira miyendo ya khola, tinawaza gaga pamzere, ndipo linayamba kubalalika.

Nditamaliza za anapiye ndinati nditsate mzerewo ndione kumene ukulowera. Unali utagawikana. Nthambi ina inali itakwera kale khoma la kuseri kulunjika pawindo la chipinda chimene mumagona ana anga awiri aang'ono. Inali itatsala pang'ono, mwina utali wa mkono wanga, kuti ifike pa feremu. Ndinasesa khomalo ndi tsache, ndinathira phulusa m'munsi monse, ndinawadzutsa ana n'kukawagoneka kuchipinda kwanga. Ndinakutumula zofunda zawo chimodzichimodzi ndikuunika msoko uliwonse. Zonsezi zinatenga ola limodzi ndi theka. Kunayambanso kuwaza mvula, madontho akugwera pa tochi, koma sinazime. Pomaliza inali itafooka ndithu, kuwala kwake kutasanduka kotuwa, koma inandifikitsa mpaka pomwe ndinakhoma chitseko. Anapiye atatu anafa. Khumi ndi mmodzi alipo, pano ndi misoti ndi atambala.

Kuchokera usiku umenewo sindiinyozanso. Ndimaivala potsuka mbale madzulo, posita ndi simbi ya makala, popita kuchimbudzi, posankha nyemba. Ilinso ndi kagetsi kena kofiira kounikira kamene poyamba ndinkakaona ngati kosafunika, koma ndi kamene ndimayatsa ndikamayang'ana mwana usiku ngati watentha thupi, chifukwa sikamudzutsa ndipo maso anga sachita chidima ndikakazimitsa. Yagwa kawiri pasimenti ndipo ikuyakabe, poti timababu take, totchedwa LED, tilibe kawaya kopyapyala kaja kamene kankaduka m'mababu a matochi akale.

Zovuta zake ndizinenebe, kuti wogula adziwiretu. Choyamba ndi batani lachiwiri, limene limachititsa kuti tochi iziyaka ndi kuzima mukadutsitsa dzanja patsogolo pake. Wogulitsa anandionetsa ngati chinthu chamtengo wapatali. Kwa wokazinga n'choopsa. Tsiku lina ndinalikhudza mosadziwa, ndiye pamene ndimakweza chipande kuti ndivuule mandasi, tochi inazima ine nditaweramira pa chiwaya cha mafuta owira. Ndinaima chilili osasuntha mpaka nditaipapasa. Batani limenelo ndinalimata ndi selotepi ndipo sindilikhudzanso. Batani lenileni nalonso limatopetsa, chifukwa kuti muzimitse muyenera kudutsa powala kwambiri, powala pang'ono, kenako kuphethiraphethira kuja kopweteka m'maso.

Kuwala kwake ndi koyera mopita ku buluu, ndipo kumanamiza mtundu wa chakudya. Mlungu woyamba mandasi ankaoneka otuwa ngati sanapse, ndiye ndinkawasiya pamoto, kukacha n'kupeza ada mopitirira. Makasitomala anadandaula. Pano ndinazolowera, ndimavuula akadali ooneka oyererako. Nyengo ya mvula tizilombo tonse touluka timathamangira pachipumi panu, ngumbi zikatuluka ndiye zimalowa m'maso ndi m'mphuno, zina kugwera m'mafuta. Ndipo mukamalankhula ndi munthu muziiweramitsa, chifukwa ana anga amangoti, "Amayi, mukutithobwa m'maso." Apongozi anga atabwera kudzacheza ndinkaivula kaye ndisanawapatse moni.

Lamba watamuka pa miyezi inayi yokha, ndinachita kumupinda n'kusoka. Kalabala kotseka potchajira kanathothoka, ndipo mpamene madzi angalowere, ndiye mvula ikamagwa ndimamatapo selotepi. Pabokosi analemba IPX4, kutanthauza kuti imapirira madontho ndi kuwazidwa, osati kumizidwa m'ndowa. Batire yake ndi yomatira m'kati, simungaichotse, ndiye tsiku limene idzafe tochi yonse yatha. Mabatire a mtundu umenewu sagwirizana ndi kutentha, choncho sindiisiya pafupi ndi mbaula kapena pawindo pomwe pamawomba dzuwa. Kudzadza kwake kumatenga maola atatu kapena anayi, ndiye magetsi akangobwera ndimayamba kutchaja iyo, foni pambuyo.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha bodza la pabokosi ndi batire yosachotseka. Wogulitsa uja sindimupatsa kalikonse, ndipo aneba atandituma kuti ndikawagulire yawo ndinadutsa pashopu pake n'kukagula kwina, komwe anandilola kuyesa chingwe pa soketi ndisanalipire ndiponso anandilembera lisiti. Ya bambo a m'nyumba ndikufuna ndipeze yolowa batire ya 18650 yochotseka, kuti ikafooka tizingosintha batire. Mukapita kukagula, tengani chaja chanu, muone kagetsi kofiira kosonyeza kuti moto ukulowa kakuyaka ndi maso anu, ndipo muiyatsire m'kati mwa chikwama kuti muone kuwala kwake kwenikweni.