Makina okoka msana, physiotherapy, jakisoni kapena opaleshoni: kuyerekeza kwa munthu amene mwendo unachita dzanzi

Ululu wanga unayambira m'chiuno, koma umene unandisowetsa tulo ndi umene unkatsika kudzera m'thako lakumanzere, n'kudutsa m'mbali mwa mwendo mpaka kukafika pa chala chachikulu cha phazi. Kuyetsemula kunkandichititsa mantha, ndipo kuti ndivale sokosi m'mawa ndinkayamba ndatsamira khoma. Chithunzi cha MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, chitatuluka, adokotala anandilozera pakati pa fupa lachinayi ndi lachisanu la m'munsi mwa msana, pamene amapatchula kuti L4-L5, pomwe disiki inali itang'ambika n'kutsamira mtsempha wopita kumwendo. Disiki ndi kakhushoni kamene kamakhala pakati pa fupa ndi fupa, kolimba kunja koma kofewa m'kati, ndipo zam'katizo zikatulukira kunja zimapanikiza mtsempha n'kuutupitsa. Ululu wotsikira kumwendo woterewu ndi umene amautcha sciatica.

Kuyambira pamenepo ndinkangomva mawu akuti decompression, ndipo panapita nthawi ndisanazindikire kuti mawu amodzi omwewa akuimira zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Kwa dokotala wa opaleshoni, mawuwa amatanthauza kutsegula msana n'kuchotsa chimene chapanikiza mtsempha, pomwe kwa otsatsa makina amatanthauza kugoneka munthu pa bedi loyendetsedwa ndi kompyuta n'kumamukoka. Wodwala amene sakudziwa kusiyanaku akhoza kumva mbiri yabwino ya njira yoyambayo n'kumaganiza kuti akunena yachiwiriyo.

Ine ndinayamba ndi makina, chifukwa mawu akuti "popanda mpeni" amakoma m'khutu mwa munthu woopa opaleshoni. Amakumanga lamba mmodzi m'munsi mwa nthiti, wina m'chiuno, amakuikira pilo kunsi kwa mawondo, n'kukupatsa batani loimitsira m'dzanja. Kenako makinawo amakoka pang'onopang'ono, amaima, amamasula, n'kuyambiranso, kwa mphindi 30 mpaka 45, ndipo kawirikawiri amakulangiza kubwera maulendo pafupifupi 20 m'masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mayina odziwika a makina a mtunduwu ndi VAX-D, amene anayambitsidwa ndi dokotala wa ku Canada, Allan Dyer, komanso DRX9000. Otsatsa amati kukokako kumatsegula mpata pakati pa mafupa kotero kuti zimene zinatuluka m'disiki zimabwerera m'malo mwake.

Kunena zoona, ndikakhala pa bedilo ndinkamva bwino. Mwendo unkakhala bata, moti tsiku lina ndinagona tulo mpaka anachita kundidzutsa. Koma pofika madzulo ululu unkabwerera, ndipo ngakhale kuti pa sabata lachisanu ndi chimodzi ndinali nditapezako bwino, funso limene linkandivuta linali lakuti, kodi andithandiza ndi makinawa kapena ndi masabata amene adutsawa?

Funso limeneli ndi limene ofufuza akhala akuliyesa, ndipo yankho lawo silikomera makina. Ku America, bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala, limaika makinawa m'gulu la zipangizo zokokera msana, zimene amati traction, njira yomwe ndi yakalekale. M'chaka cha 2013, bungwe la Cochrane, losonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 32 wokhudza anthu 2,762, ndipo linapeza kuti kukoka msana kumathandiza pang'ono kwambiri kapena sikuthandiza n'komwe pa ululu ngakhalenso pa kubwerera kuntchito. Bungwe la NICE la ku Britain, lopereka malangizo a zachipatala, linalangiza mu 2016 kuti kukoka msana kusamaperekedwe kwa odwala msana, kaya ululu ukutsikira kumwendo kapena ayi, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linanenanso chimodzimodzi pa ululu wa msana wokhalitsa. Tikaonjeza kuti njirayi imadya ndalama zambiri, kuti malo ena amafuna munthu alipiriretu maulendo onse, komanso kuti siyenera amayi oyembekezera, anthu a mafupa osalimba, othyoka msana, a chotupa kapena oikidwa zitsulo mumsana, ine sindiiikanso patsogolo.

Mabedi opendeka amene munthu amadzilendewetsa chadodolido kunyumba ndi m'bale wake wa makinawa, wotsika mtengo koma wopanda umboni woposa. Mutu ukakhala pansi magazi amathamanga kwambiri ndipo m'maso mumapanikizika, choncho wodwala BP, mtima kapena matenda a maso otchedwa glaucoma asayese n'komwe.

Chimene otsatsa sakonda kutchula ndi chakuti disiki yong'ambika nthawi zambiri imaphwa yokha, chifukwa thupi limaona zotulukazo ngati chinthu chachilendo n'kumazidya pang'onopang'ono. Kafukufuku wophatikizidwa amasonyeza kuti izi zimachitika kwa odwala pafupifupi awiri mwa atatu alionse, ndipo chodabwitsa n'chakuti zotuluka zikuluzikulu ndi zimene zimakonda kuphwa kuposa zazing'ono. Komanso chithunzi cha MRI sichiyenera kuopseza munthu mopitirira, pakuti kuunika kwina kwa mu 2015 kunapeza disiki yotukumuka mwa anthu 30 pa 100 alionse a zaka 20, ndi 84 pa 100 alionse a zaka 80, onsewo opanda ululu uliwonse. Choncho njira iliyonse imene imatenga masabata asanu ndi limodzi imayendera limodzi ndi kuchira kwachilengedwe, ndipo n'kosavuta kuti ilandire ulemu umene si wake.

Apa ndiye pamene physiotherapy, chithandizo cha masewero olimbitsa thupi olangizidwa ndi katswiri, imasiyanira ndi makina. Nayonso imayendera limodzi ndi nthawi, koma imachititsa kuti thupi lisafooke poyembekezera, ndipo imasiya m'manja mwa wodwala chinthu choti azichita yekha. Amene ankandithandiza anayamba n'kundiyendetsa pa zidendene kenako pa zala, anandiuza kuti ndikankhe dzanja lawo ndi chala chachikulu, n'kundigoneka chafufumimba kuti ndizidzutsa chifuwa ndi mikono chiuno chili pansi. Imeneyi ndi mbali ya njira ya Robin McKenzie, katswiri wa physiotherapy wa ku New Zealand. Anandiuza kuti ndisamangoyang'ana kukula kwa ululu koma malo ake: ukamachoka kuphazi n'kumakwerera kuchiuno ndiye kuti zikuyenda, ngakhale chiunocho chitawawa kuposa dzulo, koma ukamatsikira kuphazi ndisiye msanga. Langizo limenelo linandithandiza kuposa china chilichonse, chifukwa linandipatsa muyeso woonera ngati ndikupita patsogolo.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti ndi yotopetsa ndipo ilibe chokopa. Palibe kompyuta yowala, palibe wokuchitira, ndiwe wekha pansi m'mawa ndi madzulo, kuyenda mtunda wochepa lero n'kuonjezera mawa. Komanso kudzipinda chambuyo sikuyenera aliyense, pakuti amene ngalande ya mitsempha mumsana inachepa chifukwa cha ukalamba, vuto lotchedwa spinal stenosis, nthawi zambiri amapepukidwa akawerama osati akadzipinda chambuyo. N'chifukwa chake kutengera masewero a pa intaneti usanapimidwe kumatha kuonjezera vuto.

Jakisoni wa steroid wa pamsana, amene amabayidwa pafupi ndi mtsempha wotupawo, ine ndimamuona ngati wongogulira munthu mpata. Sabweza disiki m'malo mwake, koma amachepetsa kutupa kwa masabata angapo, zomwe zingakwanire kuti munthu agone tulo n'kuyamba masewero. Bungwe la NICE limati aganiziridwe pa sciatica yoopsa imene yangoyamba kumene. Odwala shuga ayenera kudziwiratu kuti shuga amakwera kwa masiku angapo akabayidwa.

Opaleshoni ndiyo decompression yeniyeni, ndipo ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, anafalitsa mu 1934 zimene anapeza zakuti disiki yong'ambika ndi imene imayambitsa ululu woterewu ndiponso kuti ikhoza kuchotsedwa. Masiku ano pa microdiscectomy amacheka pang'ono n'kuchotsa kachidutswa kokhako kamene katsamira mtsempha, ndipo ambiri amayenda tsiku lomwelo kapena mawa lake, pomwe pa laminectomy amachotsa mbali ya fupa lakumbuyo kuti ngalande yopanikizika itseguke. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2007, wokhudza odwala 283 amene anali atavutika ndi sciatica kwa masabata 6 mpaka 12, anasonyeza kuti ochitidwa opaleshoni msanga ululu wa mwendo unawasiya mofulumira, koma chaka chitatha magulu onse awiri anali atachira mofanana. Tisaiwale kuti mwa amene anauzidwa kuti adikire, 39 pa 100 alionse anafika pochitidwabe opaleshoni. Tingati chimene opaleshoni imapereka kwenikweni ndi liwiro, ndipo kwa munthu amene sakugona kapena ntchito ikumuthera, liwiro limenelo si chinthu chopeputsa. Mtengo wake ndi chiopsezo cha bala kulowa matenda, kubooka kwa kachikopa kokuta mitsempha, ndi disiki yomweyo kung'ambikanso mwa ena. Imathandizanso kwambiri ululu wa mwendo kuposa wa msana weniweniwo, choncho amene ululu wake uli m'chiuno mokha asayembekezere zambiri.

Pali nthawi imene kuyerekeza konseku kumatha. Munthu akayamba kuchita dzanzi kumaliseche, pakati pa matako kapena m'kati mwa ntchafu, akamalephera kukodza kapena kugwira mkodzo ndi chimbudzi, kapena miyendo yonse iwiri ikamafooka, ndiye kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana yapanikizika, vuto lotchedwa cauda equina, ndipo ayenera kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche. Phazi likayamba kukwekwereka poyenda, kapena ululu wa msana ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda kosadziwika bwino kapena mbiri ya khansa, nazonso n'zofuna dokotala mwachangu, osati bedi lokoka.

Ine opaleshoni sindinafikeko. Tinagwirizana ndi adokotala kuti ngati chala chachikulu chija chipitirire kufooka, kapena ngati miyezi itatu ithe ndisakugona, ndidzapita kukachitidwa, ndipo mlungu uliwonse ndinkadziyesa poyenda pa zidendene kuchoka pakhomo la chipinda kukafika pawindo. M'mwezi wachitatu ululu unachoka kuphazi n'kuima pabondo, kenako m'thako, ndipo tsopano chatsala ndi kadzanzi pamwamba pa phazi kamene kamabwera ndikakhalitsa pampando. Maulendo anayi omaliza a makina, amene ndinali nditalipiriratu, sindinapiteko.