Asodzi a ku Newlyn pa pepala

Inu a kumudzi mumamva za London basi, koma kumapeto kwa England, ku Cornwall, kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Newlyn. Wojambula zithunzi Walter Langley anakhazikika kumeneko mu 1882, ndipo zina mwa zithunzi zake zimasungidwa ku Penlee House, nyumba yoonetsera zithunzi mumzinda wa Penzance. Ankajambula amayi obereka madengu a nsomba kumsana, nkhalamba zopuma padoko, ndi akazi odikira maboti omwe sanabwerere. Wokulira ku Nkhotakota kapena ku Chembe, nkhope zimenezi sizingamusokoneze.

Zambiri anajambula ndi utoto wosungunula m'madzi, umene anthu kuno amaphunzirabe m'magulu. Lamulo lake ndi lakuti choyera ndi pepala lenilenilo. Thovu la mafunde kapena epuloni ya mayi, umasiya osapakapo, ndiye umayamba ndi mitundu yowala n'kumalizira yakuda. Ukadetsa msanga, kubweza n'kovuta.

Pepala labwino ndi lathonje, lolemera 300 gsm (magalamu 300 pa sikweya mita). Lopyapyala limakwinyika, choncho amayamba aliviika, kulimata pathabwa ndi tepi, n'kulisiya liume. Pojambula thambo, pendeketsa thabwa pang'ono, tenga burashi yayikulu, uyambe pamwamba kutsika osabwerera. Ambiri amagwa apa: amaona pena pasanakome, n'kubwererapo ndi burashi yonyowa utoto usanaumitsitse. Madzi atsopanowo amakankha utoto n'kusiya banga la m'mphepete mokhotakhota. Mpweya wa kugombe ndi wachinyezi, kuuma kumachedwa, ndiye kupupuluma kumawononga zambiri. Madzi tenga apampopi. Mchere wa m'nyanja umasiya timadontho.

Chosiyana ndi kwathu, nyanja ya kuno imadzaza n'kuphwera kawiri pa tsiku. Boti lomwe lakhala pamatope m'mawa, pakatha maola 6 lili kuyandama. Lemberatu ndi pensulo maboti ndi pomwe madzi alekezera, anthu uwaikemo pomaliza ndi mizere yochepa. Onanso ndandanda ya nthawi ya madzi, chifukwa amatha kukutsekera njira pansi pa phompho.

Utoto umenewu umafwifwa ndi kuwala. N'chifukwa chake zithunzi zikwizikwi za papepala za wojambula wa ku England J.M.W. Turner ku Tate Britain, nyumba yoonetsera zithunzi ku London, zimakhala m'mabokosi, ndipo wofuna kuziona amapempheratu tsiku.