Ku Midrand, komwe timagwira ntchito si komwe timagona

Abale anga kumudziko, mukaona chithunzi changa pa WhatsApp nditaima pa Mall of Africa, musaganize kuti ndimagona pafupi pomwepo. Chimsika chimenecho chinatsegulidwa mu 2016 pamalo omwe kale anali famu, ndipo ine ndimapitako Lamlungu lokha, kukatsitsimula maso.

Midrand ili pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, n'chifukwa chake dera lina mpaka lero amalitcha Halfway House. Akuluakulu omwe anatitsogolera kuno ku Joni amati kunali tchire, ng'ombe ndi mahatchi. Mahatchiwo akadalipo cha ku Kyalami, koma tchire likutha tikuona. Sitima ya Gautrain inayamba kuima pano mu 2011. Nyumba ya malamulo ya mayiko a mu Africa, Pan-African Parliament, ilinso konkuno. Ukadutsa pena lero pali udzu, chaka chamawa pali nyumba zosanja, mpanda wamagetsi ndi mlonda pageti.

Okhala m'mipandamo ndi osakanikirana: achinyamata akuda ophunzira bwino a konkuno, amwenye, azungu, ena ochokera ku Nigeria ndi ku Zimbabwe. Ine ndimasamala maluwa mu mpanda umodzi wotero. Bwana wanga ndi wamng'ono kwa ine, ndipo anandiuza kuti mayi ake anamulera ndi ntchito ya m'nyumba za anthu. Tsiku limenelo ndinaganiza kwambiri za mwana wanga wa Fomu 2.

Dzuwa likapendeka timakwera takisi kubwerera ku Ivory Park. Kumeneko eni nyumba anamanga tizipinda ta lendi kuseri mpaka bwalo linatha. Pabwalo pathu mpopi ndi umodzi, chimbudzi chimodzi, koma m'mawa umamva Chizulu, Chipedi, Chitsonga, Chishona ndi Chichewa chathu. Chizulu ndinachiphunzira msanga, osati chifukwa chochikonda chabe. Kukavuta, munthu safuna kuti lilime limuulule kuti ndi wobwera. Komabe gogo mwini nyumba, Mpedi, ndi amene anandiphikira phala nditadwala m'nyengo yozizira ya mu June.

Anzanga a Chiyao a ku Mangochi ali ndi chowatonthoza: mzikiti waukulu wa Nizamiye, womwe anamanga munthu wa ku Turkey n'kutsegulidwa mu 2012. Akapeza mpata Lachisanu amapita kukapemphera. Ife timasonkhana m'kalasi ya sukulu ina n'kuyimba nyimbo za kwathu.

Amalume, za mphwanga yemwe akufuna kubwera, poyamba atenge pasipoti. Chipinda changa n'chaching'ono, koma mphasa yachiwiri ilowa.