Galasi lalitali lodulitsa ku shopu ya magalasi: ndemanga ya telala

Atelala anzanga ndi amayi a masaluni amene mukufunafuna galasi lalitali loika mu shopu, langa ndinadulitsa kwa ogulitsa magalasi a mawindo ku Limbe. Ndi lokhuthala mamilimita 5, kutalika masentimita 150, mulifupi 50. Ladutsa dzinja lonse lili pakhoma, ndipo ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Ndalama zanga zinapita pa kukhuthalako, ndipo sindidandaula. Magalasi otchipa a felemu ya pulasitiki aja ndi opyapyala ngati chikuto cha kope, amapindika. Galasi limabweza kuwala pa ngodya yofanana ndi imene kwafikira, ndiye likakhala lathyathyathya munthu amaoneka mmene alili. Likangopindika pang'ono, ngakhale diso lisaone kupindikako, wina amaonda, wina chiuno chimakula. Kwa telala imeneyo ndi milandu. Mayi ayesa diresi la chinkhoswe, n'kuyamba kuti "Atelala, mwandinenepetsa," pomwe telala sanalakwe kanthu. Langali silinama. Musanalipire, imani pataliko muyang'ane m'galasimo mzere wa chitseko kapena wa zenera, kenako mupendeke mutu uku ndi uku. Mzerewo ukamavina, lisiyeni pomwepo.

Chimene chimabweza nkhope yanu si galasi lenilenilo, koma chitsulo chopyapyala kwambiri chomwe amapaka kuseri, siliva kapena aluminiyamu, n'kuphimba ndi penti. Njira yopaka siliva pagalasi inachokera kwa katswiri wa ku Germany, Justus von Liebig, mu 1835. Kale ankapaka zosakaniza ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chomwe chinkadwalitsa amisiri. Popeza chitsulocho chili kuseri, mukagunditsa nsonga ya pensulo pagalasi pamatsala mpata pakati pa nsongayo ndi chithunzi chake. Mpata ukakula, galasi ndi lokhuthala. Wogulitsa akakuuzani kuti ndi la mamilimita 5, yesani choncho poyerekeza ndi lina.

Za kutalika, musaope kuti muyenera kugula lofanana ndi msinkhu wanu. Theka la msinkhu limakwana kuonetsa munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kaya waima pafupi kaya patali. Munthu wa masentimita 170 amakwanira pa galasi la 85, bola lipachikidwe pamalo oyenera maso ake. Ine ndinatenga lalitali chifukwa m'shopu mumalowa ana oyesa yunifolomu komanso azibambo atali oyesa suti, ndipo maso awo sali pamzere umodzi.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa ziwiri. Anyamata odulawo anandipatsa galasi m'mbali muli mwakuthwa, osapala, mpaka ndinakalipiranso wina kuti asalaze. Chachiwiri ndi chimene chikundiwawa: pakona yam'munsi payamba kuda. Khoma la shopu yathu limachita chinyontho mvula ikagwa, ndipo chinyonthocho chimalowera m'mbali modulidwa muja, momwe chitsulo chilibe penti, n'kuyamba kuchidya. Pakada pada basi, sipapukutika. Odulawo akanatha kumata m'mbalimo kapena kungondichenjeza, poti ntchito ndi yawo. Kalipentala wanga anakonza pomangirira galasi pa pulayiwudi ndi kusiya kampata kumbuyo kuti mphepo izidutsa, ndipo kudako sikunapitirire.

Popukuta, nyowetsani kansalu, osati kuthira madzi pagalasipo, chifukwa amatsikira m'munsi momwemo. Malizani ndi nyuzipepala youma.

Mtengo wake unaposa wa a pulasitiki aja kutalitali, koma kwa amene amapezera chakudya pa kuyesa zovala, ndi woyenera. Mukamakatenga, pezani galimoto yoti galasi liime chilili, litakutidwa bulangete. Mukaligoneka, mabampu a m'misewu yathu alithyola musanafike, ndipo uzani odulawo apale m'mbali musanapereke ndalama.