Ma pear olimba ngati mwala: ndi virus kapena nsikidzi?

Ndikunena ma pear achizungu aja, osati mapeyala athu odyera buledi ayi. Chipatso chikapindika n'kukhala ndi timaenje musathamangire kugula mankhwala, tengani mpeni muchidule kaye.

Ngati dzenje lalowa mkati ndipo pansi pake mpeni ukuchita kukhulana ngati wagunda mchenga, chaka chatha zinali chomwechi, chaka chinonso mtengo womwewo, imeneyo ndi stony pit, virus yomwe imabwera ndi nthambi zomezanitsa. Mtundu wa Bosc ndi umene umavutika kwambiri, pomwe wa Williams nthawi zambiri suonetsa zizindikiro n'komwe. Mankhwala ake palibe, ndipo zimandipweteka kunena izi koma mtengowo ndi wozula basi, nthambi zake osapatsako mnzanu.

Nsikidzi zakutchire, zonunkha zija, zimaboola chipatso chikadali chaching'ono. Kabala kake ndi kapamwamba, mukasenda pang'ono kwinako n'kofewa bwinobwino, ndipo zipatso zina mumtengo momwemo zili bwino. Apa mtengo musadule, palirani udzu pansi pake, muzitola tizilomboto m'mawa tisanachangamuke.

Timaenje tikachulukira kumunsi kwa chipatso, kayezetseni dothi, mwina mukusowa boron, mchere wina wa m'nthaka umene mtengo umafuna.